Kodi dambo ndi kankhalango ka m'dera lathu tizigawe mapuloti?

Funso: "Ndimakhala m'dera lina latsopano chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, kumene zaka khumi zapitazo kunali minda ya chimanga koma lero kwadzaza nyumba. Pakati pa dera lathuli patsala dambo lokhala ndi kamtsinje, kankhalango ka mitengo yachilengedwe chakumtunda kwake, ndi bwalo limene ana amasewerapo mpira. Ine ndili mu komiti ya chitukuko. Anzanga ena akufuna kuti malowa agawidwe mapuloti, ndalama zake tikonzere msewu ndi mlatho, ndipo akuti ndi malo ongokhala, oswetsa udzudzu ndi kubisa akuba. Mtima wanga ukukana, koma pamsonkhano ndimasowa chonena. Kodi ndikungokakamira zakale?" Mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, zikomo pofunsa zinthu zisanafike poipa, chifukwa ambiri amabwera kwa ife oona za mapulani a mizinda maziko atakumbidwa kale ndipo ndalama zitadyedwa. Simukukakamira zakale, ndipo kukana kwa mtima wanu kuli ndi zifukwa zomveka zimene mungathe kuzifotokoza pagulu popanda manyazi. Komanso musawaone anzanuwo ngati adani. Msewu umene galimoto yonyamula wodwala imakanika kudutsa m'dzinja ndi vuto lenileni, ndipo munthu amene akufunafuna njira yolithetsera akuganizira dera lake ngati inu nomwe. Pamene mwasiyana ndi pakuti iwo awerengera ndalama zimene malowo angabweretse tsiku limodzi, koma sanawerengere ntchito imene malowo akukugwirirani chaka ndi chaka popanda kulipidwa.

Zimene zikuchitika kwanuko zikuchitika m'mbali zonse za mzindawu. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo amene analemba mapulani ake anasiya dala mipata yotakasuka m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi komanso pakati pa madera okhalamo anthu. Kalembera wa 2008 anapeza anthu osakwana 700,000 mumzindawu, koma wa 2018 anapeza 989,318, ndipo ambiri mwa owonjezerekawo sanalowe m'madera amene anayezedwa ndi boma. Anagula malo kwa eni minda kumalire a mzinda, aliyense kagawo kake. Mwini munda akamagulitsa amayang'ana munda wake wokha, ndipo palibe amene amakhala ndi udindo wosiya malo a sukulu, a ngalande kapena a bwalo. Dambo limatsala pomalizira chifukwa ndi lovuta kumangamo, ndipo malo ouma akatha ndi pamene maso a anthu amatembenukira kumeneko. Ndiye kuti nthawi imene dambo limayamba kuoneka ngati ndalama ndi nthawi yomweyonso imene dera limalifuna kwambiri, popeza nyumba zachuluka kale kumtunda.

Nkhani yaikulu ndi ya madzi, ndipo pamenepa ndikupatseni masamu oti mukawawerengere anzanuwo pamsonkhano. Mvula yokwana milimita imodzi ikagwa pa malo otalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi, madzi ake amakwana lita imodzi. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 30, imene imatha kugwa masana amodzi mu Januwale, limataya malita 3,000, amene ndi migolo 15 ya malita 200. Ngati m'dera lanu muli nyumba 500 zotere, ndiye kuti madenga okha ataya malita 1,500,000, tisanawerengere mabwalo owaka ndi simenti, mipanda imene imakankhira madzi kumsewu, ndi misewu yogogomezeka ndi matayala. Kale pamene panali minda, gawo lalikulu la madziwa linkalowa pansi pomwepo. Lero onsewo amathamangira kumunsi nthawi imodzi, ndipo malo okhawo amene atsala oti awalandire ndi dambo lanulo. Udzu, bango ndi dothi la m'dambo zimachepetsa liwiro la madzi, zimawasunga kwa maola kapena masiku, ndipo zimawatulutsa pang'onopang'ono kupita mumtsinje. Mukamangamo nyumba, mvula sichepa ayi. Madziwo amafuna kopita, ndipo akuluakulu ananena kale kuti madzi saiwala khwawa.

Anthu a ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo anaona zimenezi mu Febuluwale 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba. Amene amavutika poyamba pa ngozi zotere ndi amene anamanga m'munsi mwenimweni, kenako milatho ndi makalavati, chifukwa madzi amene akanamwazikana m'dambo amaunjikana pamalo opapatiza n'kuyamba kukumba. Apa ndi pamene maganizo a anzanuwo akudzitsutsa okha. Mlatho umene akufuna kumanga ndi ndalama za mapuloti udzayenera kupirira madzi ochuluka kuposa amene akudutsapo lero, chifukwa choti dambo lomwelo lagulitsidwa. Pa ntchito yanga ndaonapo madera amene anachita chimodzimodzi, ndipo patapita nyengo zochepa za mvula komiti inayambanso kuyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama zokonzera kalavati yemwe anakokoloka, malo oti agulitsenso atatha.

Palinso madzi apansi, amene anthu saawaganizira chifukwa saoneka. M'madera ambiri atsopano mipope imafika mochedwa, kapena ikafika madzi satuluka tsiku lililonse, choncho mabanja amadalira zitsime zokumba pakhomo ndi mijigo. Zitsime zimenezi zimamwa madzi a mvula amene analowa pansi, ndipo malo osawakidwa monga kankhalango kanuko ndi m'mphepete mwa dambo ndi amene akupatsabe madziwo mpata wolowera. Koma choopsa kwambiri ndi zimbudzi. M'dambo madzi apansi amakhala pafupi, ndipo m'dzinja dzenje la chimbudzi limadzaza lokha, zonyansa n'kusakanikirana ndi madzi omwewo amene akuyenda pansi kupita ku zitsime ndi kumtsinje. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo inachititsa kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Kuika mabanja makumimakumi ndi zimbudzi zawo pamalo a madzi ndi kuitana matenda otere m'dera lonse, ngakhale kwa amene ali ndi nyumba zabwino kumtunda.

Muwaganizirenso anthu amene adzagule mapulotiwo, popeza adzakhala anansi anu. Malo a m'dambo amagulitsidwa mu Seputembala kapena Okotobala, pamene pauma gwa ndipo udzu wapsa, ndipo wogula amene sakulidziwa deralo amaona ngati wachita mphumi popeza puloti yotchipa. Dothi lambiri la m'madambo ndi makande, amene amafufuma akanyowa ndipo amang'ambika akauma. Nyumba yomangidwa pamenepo ndi maziko wamba imayamba ming'alu m'makona ndi pamwamba pa mawindo, zitseko zimakana kutsekeka, chinyezi chimakwera m'makoma mpaka pulasitala kumayoyoka. Kumanga molimba pa dothi lotere n'kotheka, koma kumafuna ndalama zambiri zimene wogula puloti yotchipa nthawi zambiri alibe. Mavuto akayamba, munthuyo adzabwera kwa komiti yanu, chifukwa ndi inu amene munasayina.

Za kankhalangoko, phunziro lalikulu lili ku Blantyre. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango yowirira, imene inadulidwa pafupifupi yonse m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuchokera pamenepo damu la Mudi, limene limalandira madzi kuchokera m'phirimo, lakhala likuvutika ndi matope okokoloka. Madzi ambiri a mzindawo amachita kupopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, ulendo wautali wokwera mtunda umene umadya magetsi ambiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Pamenepa tiyenera kunena zoona: mvula ija inali yoposa muyezo, ndipo mitengo yokha sikanatha kuletsa kugumuka konseko. Koma kuchuluka kwa imfa kunadalira kumene nyumba zinaima, ndipo zambiri zinaima m'malo otsetsereka ndi m'makwawa momwe simunayenera kumangidwa. Kuno ku Lilongwe nako, madzi a m'mipope amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo kudula mitengo kowotchera makala kumeneko kunafika poti boma linatumizako asilikali kukalondera.

Kankhalango kanu ndi kakang'ono poyerekeza ndi zimenezi, koma ntchito yake pa dera lanu ndi yofanana. Mizu imagwira dothi kuti lisatsikire m'dambo, masamba ogwa amafewetsa nthaka kuti madzi alowe, ndipo mthunzi umachepetsa kutentha kumene aliyense wokhala pakati pa malata ndi mipanda ya njerwa amakumva mu Okotobala. Mitengo yachilengedwe monga msuku, mkuyu kapena mbawa imatenga zaka zambiri kuti ikule, choncho mawu oti "tidzabzala ina" musawalandire mopepuka. Ndimadabwa kuti anthu omwewo amene amati thengo la m'dera lawo n'lopanda ntchito amalipira ndalama kukayenda mu Lilongwe Nature Sanctuary, nkhalango ya m'mphepete mwa Lingadzi pakati pa mzinda, imene ilipo lero chifukwa wina anaikira malire ake mzinda usanaizungulire. Makolo athunso ankadziwa njira imeneyi, n'chifukwa chake m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati mitengo yakale yatsala kumanda kokha, kumene mudzi wonse unagwirizana kuti nkhwangwa isafikeko.

Bwalo la mpira ndi limene limagulitsidwa msanga kwambiri, chifukwa ndi louma komanso losalala. Koma dera la mapuloti aang'onoang'ono ozunguliridwa ndi mipanda lilibe malo ena oti ana asewere kupatula mumsewu, ndipo lilibe poti anthu asonkhane pa katemera, pa sikelo ya ana kapena pa msonkhano ngati wanuwo. Tsiku lina boma kapena bungwe likadzafuna kumanga sukulu kapena kachipatala m'dera lanu, funso loyamba lidzakhala loti malo alipo kodi. Kumene kulibe malo, chitukuko chimapita kwina, chifukwa kugula nyumba za anthu, kuwalipira chipepeso ndi kuzigwetsa kumadula kuposa chinthu chimene chikufuna kumangidwacho.

Tsopano madandaulo a anzanuwo, amene sayenera kunyozedwa. N'zoona kuti mtundu wina wa udzudzu wofalitsa malungo umaswana m'madzi odikha okhala ndi udzu. Koma udzudzu wambiri wa m'madera atsopano umachokera m'zithaphwi zazing'ono zowombedwa ndi dzuwa, monga maenje oumbira njerwa, mokumbidwa mchenga, m'mikwasa ya matayala ndi m'ngalande zotsekeka ndi mapulasitiki. Kumanga m'dambo kumachulukitsa malo oterewa, chifukwa aliyense amakumba dzenje la njerwa ndipo mipanda imatsekereza madzi, komanso kumaika anthu ogona pafupi penipeni ndi madziwo. Chothandiza ndi kukwirira maenje, kutsegula njira ya kamtsinje kuti madzi aziyenda, ndi kugona m'masikito. Za akuba, zimene ndaona n'zakuti umbanda umakonda malo osiyidwa, opanda mwini ndiponso osadutsamo anthu. Thengo lomwelo likatchetchedwa m'mbali, likalambulidwa njira zooneka kutali, mitengo n'kusadzulidwa nthambi zam'munsi, ndipo amayi ndi ana akamadutsamo tsiku lonse, wakuba amasowa pobisala. Ngati dera lanu lili ndi gulu la chitetezo cha m'mudzi, malowa aikidwe m'njira imene amayendera usiku.

Funso limene komiti yanu inayenera kuyamba nalo ndi loti malowa ndi a yani, chifukwa munthu sagulitsa chimene si chake. Komiti ya chitukuko ilibe mphamvu yogulitsa malo. Ngati dera lanu lili mkati mwa malire a mzinda ndipo malowo analembedwa pa mapu ngati malo osamangapo, kusintha ntchito yake kumafuna chilolezo cha komiti yoona za mapulani kukhonsolo, ndipo nyumba yomangidwa popanda chilolezo ikhoza kugwetsedwa popanda chipepeso. Ngati muli kunja kwa malire, pa malo a mafumu, malamulo a za malo a 2016 anakhazikitsa komiti yoona za malo yotsogozedwa ndi gulupu pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa, mwa iwo amayi osachepera 3. Lamulo la za chilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, komanso mwayi wopita kukhoti pofuna kuletsa ntchito yowononga chilengedwe. N'kuthekanso kuti mbali ina ya malowo ili ndi mwini weniweni, mwina banja limene linkalima dimba pamenepo kuyambira kale. Banja lotere liyenera kukambirana nalo mwaulemu, chifukwa kuliuza kuti malo ake ndi a aliyense popanda kumva mbali yake ndi chiyambi cha mlandu wautali.

Sindikunena kuti pa malo onsewo pasakhudzidwe kanthu, ndipo mukapita kumsonkhano ndi mawu oti ayi okha mudzagonja. Malo amene madzi amafika m'chaka cha mvula yambiri, pamodzi ndi mpata wokwanira m'mbali zonse za kamtsinje, asamangidwe konse, ndipo pamenepa musalolere. Amene angakuonetseni malire enieni a madzi ndi anthu akale a m'deralo, amene analima kumeneko nyumba zisanabwere, komanso zomera monga bango ndi mtundu wa dothi. Kankhalango ndi bwalo zisungidwe, koma zipatsidwe ntchito yooneka. M'mphepete mouma mukhoza kukhala nazale ya mitengo, ming'oma ya njuchi kutali ndi njira, kapena kamsika ka mashedi osakhalitsa kamene ndalama zake zingathandize kusamalira malowo. Madimba a ndiwo zamasamba ndi abwino ngati sakufika pagombe penipeni. M'mbali mwa kamtsinje mubzale nsungwi, vetiva kapena mitengo yachilengedwe yokonda madzi monga katope ndi mkuyu, koma osati bulugamu, amene amamwa madzi ambiri ndipo akhoza kuumitsa malo omwe mukufuna kuteteza. Ngati pali kachigawo kouma ndithu kamene akatswiri atsimikiza kuti kangamangidwe, ndi bwino kukasungira sukulu ya mkaka kapena kachipatala kusiyana ndi kukagulitsa kwa munthu mmodzi.

Za msewu ndi mlatho, ndalama zake zifunidwe kumene zimayenera kuchokera. Khansala wanu ndi phungu wanu ali ndi njira zoperekera pempho ku thumba la chitukuko cha m'madera ndi ku bajeti ya khonsolo, ndipo dera limene lasonkha mchenga, miyala ndi anthu ogwira ntchito limamveka msanga kuposa limene langolemba kalata. Njirayi ndi yochedwa, zimenezo n'zoona, koma ndalama za mapuloti nazonso kawirikawiri sizifika zonse pa msewu, popeza panjira pamakhala madobadoba ndi ena ofuna gawo lawo.

Chimene ndingakulangizeni kuchita sabata ino ndi kupempha komiti kuti iimitse kaye nkhani yogulitsa mpaka mutapeza mapu a deralo kukhonsolo kapena ku ofesi ya za malo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha zikalata zotere, ndipo pempho lanu likhale lolemba, musunge kope lodindidwa. Kenako muyende malire a malowo pamodzi ndi mfumu, khansala ndi anthu akale, mujambule zithunzi makamaka m'dzinja pamene madzi ali pamwamba, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusayinidwa ndi anthu ambiri. Malo ambiri otere satha ndi chigamulo chimodzi. Amadyedwa pang'onopang'ono, uyu akasuntha mpanda wake mamita awiri, uyo akayamba kutayapo zinyalala, wina akaika kontena. N'chifukwa chake malire ooneka, monga mabikoni oikidwa ndi woyeza malo wovomerezeka ndi mzere wa mitengo, amateteza kuposa mapepala osungidwa m'nyumba ya mlembi.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukaona zikhomo zakhomedwa usiku, njerwa zikutsitsidwa kapena maziko akukumbidwa m'dambo, kadziwitseni ofesi ya mapulani kukhonsolo tsiku lomwelo ndipo mupereke kalata, chifukwa kuimitsa maziko n'kosavuta kusiyana ndi kugwetsa nyumba yokhalamo ana. Musagwetse chilichonse nokha ndipo musatume achinyamata kukaphwanya, popeza mlandu udzatembenukira inu. Wina akabwera ndi chikalata cha lizi, musakangane naye pamalopo, koma mupeze loya kapena bungwe lothandiza anthu pa za malamulo kuti likafufuze ku kaundula wa malo ngati chikalatacho chinatuluka mwanjira yake. Ngati akufuna kumanga chinthu chachikulu monga malo omwetsera mafuta kapena nyumba zambiri, bungwe la MEPA, loona za chitetezo cha chilengedwe, lili ndi mphamvu yofunsa ngati kafukufuku wa mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe anachitika. Ofesi ya boma ikangokhala chete pa madandaulo anu olemba, mukhoza kukadandaula kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma, ndipo mukakhala ndi umboni woti wina walandira ziphuphu, nkhaniyo ndi ya bungwe lothana ndi katangale la ACB. Nkhani za malo zimautsa mkwiyo, choncho makalata onse azituluka m'dzina la gulu osati lanu nokha, ndipo wina akakuopsezani mukanene kupolisi popanda kudikira kuti abwerezenso.